Wagula Kapena Waberedwa? Za Mlendo ndi Foni ya M'hotela

Kwa zaka zambiri, mabuku olangiza anthu apaulendo ku America ndi ku Ulaya ankabwereza chenjezo limodzi lokhudza foni. Ukafika m'hotela, usathamangire kunyamula foni ya m'chipinda n'kuimbira kwanu. Yamba wafunsa kuti mphindi imodzi ndi ndalama zingati, ufunsenso kuti hotelayo imaonjezerapo zingati zakezake. Ngati uli ndi khadi loimbira foni la kampani imene umaidziwa, dutsira pa nambala yake yaulere. Apo ayi, imba mwachidule, utchule nambala ya chipinda, a kunyumba akuimbire ndiwo. Pa foni yoponya makobili ya pamsewu kapena ya pabwalo la ndege, werenga kaye dzina la kampani lomwe lamatidwa pafoniyo, ndipo ukamva dzina lachilendo, dula. Malangizowa anali abwino ndipo anapulumutsa ndalama za anthu ambiri. Koma ukawawerenga mofatsa, akuvomereza chinthu china mwakachetechete: akuti msampha ulipo, ukhalapobe, ndipo wokodwamo adzionere yekha. Apa m'pamene pagona funso lakale kwambiri kuposa foni, limene anthu a zipembedzo ndi a nzeru zakuya akhala akulimbana nalo. Munthu akalipira mtengo umene sanauzidwe, pamalo pamene analibe kwina kolowera, kodi wagula kapena waberedwa? Ine ndikuti waberedwa, ngakhale lamulo la dziko likhale kuti silinaphwanyidwe, ndipo mbiri ya mafoni a m'mahotela ku America ikuonetsa poyera chifukwa chake.

Pa 1 Januwale 1984, kampani ya AT&T, imene inkayendetsa mafoni ambiri a dzikolo, inagawidwa potsatira mlandu umene boma linaisumira. Cholinga chinali chakuti pakhale mpikisano, mitengo itsike. Kwa munthu woimba ali pakhomo pake zinayendadi choncho, chifukwa makampani ena monga MCI ndi Sprint ankalimbirana makasitomala ndi AT&T, ndipo kuimbira kutali kunatchipa. Chaka chomwecho bungwe la boma loyang'anira za mauthenga la FCC linalola kuti anthu wamba azikhala ndi mafoni awo oponya makobili n'kumachita nawo bizinesi. Posakhalitsa kunabadwa makampani ang'onoang'ono olumikiza mafoni oimbidwa ndi khadi kapena olipiridwa ndi wolandira. Makampaniwa sankavutika n'kukopa woimba foni. Ankapita kwa mwini hotela, kwa oyang'anira chipatala, bwalo la ndege kapena sukulu yogonera pomwepo, ndi kwa eni mafoni a m'misewu, kukawauza kuti mafoni onse a pamalopo azidutsira kwa iwo, ndipo eni malowo azilandira komishoni pa ndalama iliyonse imene yalowa. Taonani mmene zinthu zinatembenukira. Wosankha kampani anali mwini malo, wolipira anali mlendo. Kampani yolonjeza komishoni yaikulu ndiyo inkapambana, ndipo komishoniyo inalibe kwina kochokera koma m'thumba la mlendo. Motero mpikisano womwewo umene unatsitsa mitengo pakhomo unaikweza m'hotela. Bilu yake inkafika patapita milungu, itasakanikirana ndi bilu ya foni ya kunyumba, mtengo utawirikiza kangapo, munthu ataiwala kale kuti anaimbira pa foni iti.

Zikanathera pa mtengo wokwera, mwina tikanangoti malonda ndi malonda. Koma malo ambiri ankatseka dala nambala zimene mlendo akanadutsira kuti afike ku kampani yake. Makampani ena ankatumiza foni ya munthu kumzinda wakutali n'kuisiya m'manja mwa kampani ina kumeneko, kotero kuti bilu inkaonetsa ngati anaimba ali kumalo kumene sanapondeko. Ena ankalipiritsa ngakhale foni imene sinayankhidwe. Ku Texas, m'zaka za m'ma 1990, kampani ina inalembetsa mayina monga I Don't Care ndi It Doesn't Matter, omwe ndi mawu amene munthu amayankha akafunsidwa kuti akufuna kampani iti, iye alibe nazo ntchito. Akangoyankha choncho, wolumikiza mafoni ankamupereka kwa kampaniyo, ndipo pa pepala zinkaoneka ngati anachita kuisankha yekha. Njira zonsezi zikuloza kumodzi. Eni bizinesiyi ankadziwa kuti mlendo akadziwa mtengo sadzaimba, ndipo akapeza njira ina sadzadutsira kwa iwo, choncho anaika nzeru ndi ndalama zawo pa kuonetsetsa kuti asadziwe ndi kuti asapeze njira. Phindu lawo silinkachokera m'ntchito imene ankagwira. Linkachokera m'kusadziwa kwa munthu amene ankamutumikira.

Wotsutsa woyamba amabwera ndi mwambi wathu womwe: safunsa anadya phula. Palibe amene anamugwira mkono mlendoyu kuti aimbe. Anali munthu wamkulu, pakamwa anali napo, akanafunsa. Mfundoyi ili ndi mphamvu, chifukwa dziko limene aliyense angathetse malonda ponena kuti sanadziwe silingakhale ndi msika. Koma mwambiwu umalangiza woyenda, suyeretsa amene anaika phulalo m'mbale n'kulitcha uchi. Kuvomera kuti kukhale kuvomera kumafuna zinthu ziwiri, kuti munthu adziwe chimene akuvomera, ndi kuti akhale ndi mpata wokana. Mlimi amene wagulitsa chimanga kwa venda wa sikelo yobera nayenso amavomera, amalandira ndalama ndi manja awiri n'kuthokoza, koma palibe mfumu ingagamule kuti poti anathokoza ndiye kuti sanaberedwe. Mlendo wa m'hotela zija zonse ziwiri anali atalandidwa, mtengo unabisidwa ndipo njira ina inatsekedwa. Tionjezepo kuti munthu woimba foni yakutali ali paulendo kawirikawiri sakhala pa mtendere woti n'kuyamba kufufuza mitengo. Wafika usiku, galimoto yamuthera panjira, ali ndi wodwala m'chipatala, akufuna kuuza a kunyumba kuti wafika bwino. Kunena kuti akanafunsa n'kumuyeza ndi muyeso wa munthu amene ali pakhomo pake masana, atakhuta, ali ndi nthawi.

Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa Mpingo wa Katolika amene anamwalira mu 1274, anasanthula nkhani ya kugula ndi kugulitsa m'buku lake la Summa Theologiae, ndipo mfundo yake imodzi ikukhudza foni ya m'hotela ngati anaiona ndi maso. Iye anasiyanitsa zinthu ziwiri. Ngati wogulitsa ataya kanthu pogulitsa katundu wake, mwachitsanzo chinthu chimene iye mwini akuchifuna kwambiri, ali ndi ufulu wokweza mtengo kuti abweze chimene wataya. Koma ngati wogulitsa sakutaya kanthu, kungoti wogula ndiye ali pa vuto lalikulu limene lachititsa katunduyo kukhala wofunika kwambiri kwa iye, wogulitsa sayenera kukweza mtengo. Chifukwa chimene anapereka n'chakuthwa: phindu lapaderalo silikuchokera kwa wogulitsa, likuchokera mu mkhalidwe wa wogula, ndipo munthu sangagulitse chinthu chimene si chake. Tiyese nacho foni ija. Waya wolumikiza Chicago ndi Atlanta sulemera chifukwa choti woimbayo ali ndi mayi wodwala. Ntchito ya kampani ndi yomweyo, kaya woimba ali pakhomo kaya ali m'chipinda cha alendo. Ndalama yoonjezera ija, tsono, ikulipirira chiyani? Ikulipirira nkhawa ya mlendo, kutopa kwake ndi kusadziwa kwake mzindawo. Zonsezi ndi zake za mlendo yemweyo, anabwera nazo yekha, ndipo akuzigula kwa munthu amene sanazipange.

Wodziwa mabukuwa adzanditsutsa ndi Aquinas yemweyo, ndipo ayenera kumvedwa. Cicero, polemba za udindo wa munthu m'chaka cha 44 Yesu asanabadwe, anapereka nkhani ya wamalonda wochokera ku Alexandria amene wafika ndi tirigu pa chilumba cha Rhodes nthawi ya njala, akudziwa kuti zombo zina zodzaza tirigu zili m'njira. Kodi awauze anthu, mtengo ugwe, kapena akhale chete agulitse modula? Cicero anati awauze. Aquinas, pa nkhani yofanana nayo, anati chilungamo sichimukakamiza kuulula, ngakhale kuti akaulula aonetsa mtima wabwino koposa. Ndiye ngati Aquinas analola wamalonda kukhala chete, bwanji osalola mwini hotela? Kusiyana kwake n'kwakukulu. Wamalonda wa tirigu akugulitsa pa mtengo umene uli pamsika tsiku limenelo, wodziwika kwa onse, ndipo chimene sakuulula ndi za mawa, zimene mwina sizichitika n'komwe, poti zombo zimamira. Mwini foni akubisa mtengo wa lero wa chinthu chimene iye mwini akugulitsa, pamene mtengo wa chinthu chomwecho kunja kwa chipata chake ndi wotsika. Ngakhale aphunzitsi a ku Salamanca a m'zaka za m'ma 1500, amene anaphunzitsa molimba kuti mtengo wachilungamo ndi umene anthu ambiri agwirizana pamsika, ankaika malire akuti pasakhale chinyengo, kukakamiza kapena munthu mmodzi wotsekereza malonda onse. Chisilamu chimaika mzere pamalo omwewo. Mahadisi amasimba kuti zinthu zitakwera mtengo ku Madina, anthu anapempha Mtumiki Muhammad kuti alamule mitengo, iye anakana. Koma Mtumiki yemweyo analetsa kuchingamira amalonda panjira n'kuwagula katundu asanafike pamsika kukamva mitengo, ndipo anapatsa wogulitsa woteroyo ufulu wothetsa malondawo akafika pamsika. Mtengo ukhoza kukwera, zimenezo n'za msika. Chokanidwa n'kudyerera munthu amene sanapatsidwe mpata wodziwa.

N'zochititsa chidwi kuti m'buku la Levitiko, chaputala 19, lamulo loletsa kuzunza mlendo latsatidwa nthawi yomweyo ndi lamulo la miyeso ndi masikelo olungama, ndipo chaputala chomwecho chimaletsa kuika chopunthwitsa patsogolo pa munthu wosaona. Sindikhulupirira kuti malamulowa anayandikana mwangozi. Mlendo kawirikawiri sazunzidwa ndi ndodo, amazunzidwa ndi muyeso, chifukwa ndiye yekha pamsika amene sadziwa kukula kwa muyeso wa pamalopo ndipo alibe mbale womutsina khutu. Aphunzitsi a Chiyuda mu Talmud anafika poika chiwerengero: mtengo ukapitirira wa pamsika ndi gawo limodzi mwa magawo 6, wogula abwezeredwe ndalama yapamwambayo, ndipo ukapitirira kuposa pamenepo malonda akhoza kuthetsedwa. Malamulo akale a ku England nawonso sankaona mwini nyumba ya alendo ngati wamalonda wamba. Ankamukakamiza kulandira wapaulendo aliyense ngati malo alipo, ndi kumulipiritsa mtengo woyenera, poti munthu amene kwamudera panjira sangathe kutsatsa. Apa mlandu wa hotela ukukula kuposa wa mwini foni ya pamsewu. Hotela imagulitsa chinthu chimodzi chachikulu, chomwe ndi lonjezo lakuti ukalowa muno ukhoza kutula katundu, kutseka maso n'kuleka kudzilondera. Kulandira ndalama ya lonjezo limenelo, kenaka n'kupezerapo phindu pa munthu chifukwa choti wakhulupirira n'kuleka kudzilondera, ndiko kumulipiritsa kawiri pa chikhulupiriro chimodzi.

Eni mahotela ali ndi yankho lawo, ndipo si lachabe. Makina olumikiza mafoni a zipinda mazanamazana ankagulidwa modula, ankafuna okonza, ankafunanso antchito usana ndi usiku. Amanenanso kuti ndalama ya pafoni inkathandiza kuti mtengo wa chipinda ukhale wotsika, motero alendo onse ankapindula. Gawo loyamba ndikulivomera kwathunthu, ndipo Aquinas akanalivomeranso: chimene wawononga ubweze, ndi phindu loyenera pamwamba. Kungoti ndalama yobweza zimene wawononga sichita manyazi kulembedwa pa khoma. Gawo lachiwiri ndi limene likufuna kuliyang'anitsitsa. Mu 2006 akatswiri a zachuma Xavier Gabaix ndi David Laibson anafotokoza chifukwa chimene mitengo yobisika simathera ngakhale pali mpikisano, ndipo chimodzi mwa zitsanzo zawo chinali mahotela. Hotela imatsitsa mtengo wa chipinda kuti ikope anthu, n'kukabweza ndalamayo pa foni ndi zina zoonjezera. Mlendo wochenjera amagona m'chipinda chotchipacho, zoonjezerazo n'kuzizemba. Wosadziwa ndiye amalipirira onse awiri. Hotela imene ingayese kuchita chilungamo, kuika mtengo weniweni wa chipinda ndi foni yotchipa, siikopa wochenjera uja, chifukwa iye akupindula kale ndi dongosolo lobisalo. Choncho mawu akuti alendo onse amapindula si oona. Ndalama ikuchoka kwa wosadziwa kupita kwa wodziwa, kuchoka kwa amene wayenda koyamba, wokalamba, wosadziwa chilankhulo cha dzikolo, kupita kwa woyendayenda wozolowera.

Mfundo imeneyi ikutikhudza ife amene timadziwa kuzemba. Sindikunena kuti munthu alipire dala mtengo woipa pofuna kufanana ndi anzake. Kudziteteza si tchimo, ndipo ndalama imene wapulumutsa ndi ya ana ako. Koma amene wazindikira kuti chipinda chake chatchipa chifukwa cha bilu ya mnzake wa chipinda choyandikana sangapitirize kuona kuchenjera kwake ngati nkhani ya iye yekha. Ali ndi ngongole, ndipo njira yoibwezera ndi yosavuta: kuuza ena, kufunsa mtengo mokweza pamene ena akumva, kudandaula kwa oyang'anira ngakhale iye sanapwetekedwe, ndi kuima kumbali ya malamulo okakamiza kuti mitengo ilembedwe poyera, ngakhale malamulowo akweze pang'ono mtengo wa chipinda chake.

Zimene nyumba ya malamulo ya America inachita mu 1990, madandaulo atachuluka, zikugwirizana modabwitsa ndi nzeru zakale zija. Lamulo la chaka chimenecho silinalamule kuti mphindi imodzi ikhale ndalama zakutizakuti. Linalamula kuti kampani yolumikiza foni izitchula dzina lake momveka poyambirira, izilola munthu kudula osalipira foni isanalumikizidwe, izinena mitengo yake ikafunsidwa, ndipo isamalipiritse foni yosayankhidwa. Eni mahotela ndi eni mafoni a m'misewu linawalamula kumata dzina la kampani pafoni kapena pafupi nayo, ndi kuleka kutseka nambala zaulere zofikira ku makampani ena. Mu 1998 FCC inaonjezera kuti woimba azimva, foni isanalumikizidwe, mmene angadziwire mtengo wonse. Kunena mwachidule, boma linabwezera mlendo zinthu ziwiri zija, kudziwa ndi mpata wokana. Ena amati lamulo linachepa mphamvu poti mitengo yoipa sinatheretu, ndipo n'zoona kuti sinatheretu. Komabe linagamula funso lenileni, lakuti kukhala chete pa mtengo si ufulu wa wogulitsa.

Wotsutsa womaliza amati nkhaniyi inafa. Mafoni oponya makobili ku America anali opitirira 2 miliyoni chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, koma mu 2022 mzinda wa New York unazula yomaliza mwa imene unkayang'anira, ndipo lero aliyense ali ndi foni m'thumba. Amatinso ovutikawo anali anthu olemera ogona m'mahotela, amene sitiyenera kuwalirira. Zonse ziwiri zikugwa tikayang'ana kumene dongosolo lija linasamukira. Mu 2014 FCC inalipiritsa kampani ya Marriott chindapusa cha madola 600,000 chifukwa hotela yake ina ku Nashville inkatsekereza intaneti imene anthu a pamisonkhano ankabwera nayo pa zipangizo zawo, kwinaku ikuwagulitsa yake modula. Ndi khalidwe lomwe lija lotseka njira ina. Koma kumene linakhazikika mwankhanza ndi m'ndende. Kumeneko wosankha kampani ya foni ndi woyang'anira ndende, amene ankalandira komishoni, ndipo wolipira ndi mayi, mkazi kapena agogo a mkaidi, amene sanalakwire munthu. Martha Wright, agogo osaona a ku Washington amene mdzukulu wawo anali m'ndende, anayamba kudandaula kukhoti mu 2000 ndi ku FCC mu 2003. Panthawi imene bungweli linaika malire oyamba mu 2013, foni ya mphindi 15 inkatha kufika madola 17, ndipo malire atsopanowo anaitsitsa kufika pa madola osakwana 4 poimba kuchoka m'chigawo china kupita china. Mayiwa anamwalira mu 2015, ndipo lamulo lotchedwa dzina lawo linasainidwa mu Januwale 2023. Malangizo onse aja akuti dutsira pa khadi lako, pita pa foni ina, funsa kaye, kwa agogo ngati amenewa alibe ntchito. Foni ndi imodzi, kampani ndi imodzi, ndipo mdzukulu ali mkati. Apa m'pamene zikuonekera kuti kuchenjera kwa wogula sikungakhale maziko a chilungamo, poti alipo anthu amene ngakhale atachenjera chotani alibe kothawira.

Chigamulo changa chikupita kwa amene ali ndi malo ofikira alendo, kaya ndi hotela ya ku London, kaya ndi nyumba yogona apaulendo ku Johannesburg kapena ku Mangochi, ndi kwa aliyense amene amasankhira ena kampani imene iwo adzalipire. Palibe akukuletsani kupeza phindu pa foni, pa intaneti, pa kuchapa zovala kapena pa galimoto yokatenga mlendo ku bwalo la ndege. Lembani mtengo wonse pamalo pamene mlendo auone asanagwiritse ntchito chinthucho, m'chilankhulo chimene angamve, musamutsekere njira ina, ndipo komishoni imene mumalandira kwa kampani muitchule. Ngati mukuopa kuti mukalemba mtengowo palibe amene adzagule, ndiye kuti mukudziwa kale kuti ndalama imene mwakhala mukulandirayo sinali yanu.